Msomali Wopanda Jezi

M'holo ya kalabu ya mpira ya ku Warrabinda muli khoma lomwe pamapachikidwa majezi a anyamata a m'tauniyi omwe adafika ku ligi yaikulu. Mwambo wake ngwakale. Mnyamata akasewera masewero ake oyamba kumeneko, jezi ya tsikulo amabwera nayo kwawo yosachapa, ndipo wapampando wa kalabu amaipachika Lachinayi madzulo anthu akudya. Tegan Halloran adakulira pansi pa khoma limenelo, pakuti wapampandoyo adali bambo ake, a Des. Koma lidali Lachinayi la sabata ya fainolo pomwe adaliyang'anitsitsa ngati mlendo. Kumapeto kwa mzere, pafupi ndi jezi ya mchimwene wake Cormac, padali msomali wopanda kanthu.

Mwini msomaliwo ankamudziwa. Chomwe chinkamuzunguza n'chakuti bambo ake, omwe sankalola ngakhale chithunzi kupendekeka, adausiyiranji pamenepo zaka zonsezi.

"Uziyang'ana khoma mbatata zikupserera?" adatero azakhali ake a Noelene atasuzumira pa zenera la khitchini. Ndiwo ankaphikira kalabu chimwalirireni mayi a Tegan.

"Azakhali, msomali uwu anakhoma ndani?"

"Wayamba liti kufunsa za misomali?"

"Lero."

A Noelene adapukuta manja pa epuloni n'kutsitsa mawu. "Bambo ako. Tsiku lomwe matimu ankasankha osewera atsopano, anyamata athu awiri atatchulidwa pa TV, anatenga hamala n'kukhoma misomali iwiri, wa Cormac ndi wa Kade Zanotti. Anali ataledzera ndi chimwemwe. Ndi mowa pang'ono."

"Ndiye zinasinthira pati?"

"Pa foni. Cormac ali ku Perth, akulira ngati mwana woletsedwa kuyamwa, sakudziwa munthu ngakhale mmodzi. Sabata yomweyo Kade akutulukira pano ndi jezi yake, masaya ali phwii, akusimba za makochi omwe anamulera kuyambira ali wamng'ono. Des anangoti, bwerera nayo, akakupachikire eni ako. Iwe unali ku koleji."

Nkhani yonse idagona pa mtsinje. Warrabinda ili ku Victoria. Ukawoloka mlatho wa pa Murray wafika ku New South Wales, komwe a Zanotti amalima mphesa. Cormac ndi Kade adaphunzira mpira pa bwalo limodzi, ndipo ankalimbirana nsapato imodzi ya kumanzere itasowa inzake. Koma matimu a kumpoto, komwe anthu ambiri amakonda ragibi, amaloledwa kukhala ndi akademi. Amatenga ana a m'chigawo chawo n'kuwaphunzitsa, ndipo anawo akakula, timu yomwe idawalera ndiyo imakhala ndi mwayi woyamba wowatenga. Mwana wa tsidya lino alibe zimenezo. Timu iliyonse yomwe yatchula dzina lake, amangonyamula chikwama. Motero Kade adapita ku Sydney kwa anthu omudziwa, Cormac adaponyedwa kumapeto kwa dziko.

A Des ankati kumeneko n'kukondera. Tegan adali asanaweruze, ndipo chifukwa adali nacho: kuyambira pa Pasaka, iye ndi Kade adali pa chibwenzi chomwe bambo ake ndi Cormac sankachidziwa.

Foni idanjenjemera m'thumba mwake. Adali Kade, yemwe adali kwawo pa tchuthi timu yake itatuluka mu mpikisano.

*Ndikubwera kudzadya. Undisungire pai wa nyama uja.*

*Bambo alipo,* adayankha.

*Ndikudziwa. Ndatopa kukumana nawe kuseri kwa magalimoto ngati wogulitsa chamba. Ndili ndi mlendo wa ku timu, wandikakamira. Usaganize zambiri.*

Tegan adawerenga mawu omalizawo kawiri. Asanauzidwe kuti asaganize, sadali kuganiza kanthu.

*

Mlendoyo adali mkazi. Wamtali, tsitsi lomangidwa kumbuyo, nsapato zoyera zomwe zidali zisanapondepo matope a pa bwalo la kumudzi. Adalowa kutsogolo kwa Kade ngati ndiye mwini tauni, n'kuyamba kupereka moni tebulo ndi tebulo.

"Bronte Fairley. Ndimasamalira osewera ku timu ya Kade. Koma ndiye malo okongola."

M'holo mudali mutadzaza. Osewera adali atangosamba atatha kuyeserera, ana ankathamangitsana pansi pa matebulo, ndipo a Des adali ataima kutsogolo ndi pepala la mayina a omwe adzasewere Loweruka. Mudali motentha. Bronte adavula jekete lake, la mitundu ya timu ya ku Sydney, chizindikiro chachikulu kumsana. Adamwaza maso kufuna pokoleka, n'kuona msomali wopanda kanthu pa khoma.

Tegan adaona zomwe zikudza, koma adali ndi mbale ziwiri m'manja ndipo adali kutali. Jekete lidapachikidwa pambali pa jezi ya Cormac.

Mafoloko adaleka kulira. Ngakhale ana adatulukira pansi pa matebulo kudzaona chomwe chatontholetsa akuluakulu.

A Des adapinda pepala lawo mosapupuluma. Adayenda mpaka pa khoma, n'kuchotsa jeketelo ndi zala ziwiri, n'kulipereka kwa mwini wake.

"Zovala timakoleka kuseri kwa chitseko, mayi."

"Pepani, sindimadziwa kuti..."

"Mukanadziwa bwanji? Anthu anu amabwera kuno kudzaona ana athu ngati nkhosa za pa msika. Makoma sayang'ana."

"Bambo Halloran," adatero Kade atayandikira, "wolakwa ndine, sindinamuuze."

"Iwe ulibe mlandu. Iwe ndi nkhosa yomwe inagulidwa bwino."

Ena adaseka chamumtima. Kade adafiira makutu, koma sadabwerere m'mbuyo.

"M'timu mwathu theka la anyamata ndi a ku Victoria. Amabwera, timasewera nawo zaka ziwiri, akayamba kudziwa mpira amati asowa amayi awo n'kubwerera ku Melbourne. Popanda akademi tikanatsala ndi mitengo ya zigoli yokha."

"Ndiye mwana wanga akasowa kwawo n'kufooka, koma iwe ukasungidwa pafupi ndi kwanu n'chilungamo?"

"Sydney si pafupi."

"Uli ndi galimoto. Ku Perth munthu amakwera ndege, ndipo ukaimba foni, ife tikudya nkhomaliro iye akutsuka m'kamwa, poti kumeneko kumacha mochedwa."

"Werengani timu, a pampando," adatero mkulu wina kumbuyo, "pai akuzizira kuno."

Kade adatsitsa mawu. "Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Anandiuza kuti kuli makochi ndi nsapato zatsopano, ndinapita. Nyumba yanu ikanakhala tsidya lija, Cormac mukanamuletsa?"

A Des adabwezera maso pa pepala lawo la mayina. Tegan adali asanaonepo bambo ake akusowa yankho m'holo imeneyi, ndipo zidamuchititsa chidwi kwambiri mpaka adaiwala kusamala. Adapita n'kuika pai patsogolo pa Kade, dzanja lake n'kutsala pa phewa la mnyamatayo nthawi yotalikirapo kuposa momwe wopereka chakudya amachitira.

Atadzutsa maso, adapeza bambo ake akuyang'ana dzanjalo.

*

Bronte adamupeza pa sinki akutsuka mapoto.

"Ndinu Tegan. Ndimafuna tidziwane, kungoti ndayamba ndi khoma."

"Mumandidziwa bwanji?"

"Kade sanandiuze, musamuimbe mlandu. Ndinangoona kuti Lamlungu wasiya kubwera kudzadya ndi anzake, ndipo Lolemba galimoto yake imakhala ndi fumbi lofiira. Ku Sydney kulibe fumbi lofiira."

Tegan adatseka mpopi. "Ntchito yanu ndi yoyang'ana magalimoto?"

"Ntchito yanga ndi yoti anyamata asachoke." Bronte adatenga nsalu n'kuyamba kupukuta poto osapemphedwa. "Ndimadziwa yemwe sakugona, yemwe amayi ake akudwala, yemwe chibwenzi chake chikudandaula. Kade ndamudziwa kuyambira chaka chake choyamba. Bondo litamuvuta, ndine ndinkamuphikira. Sakonda anyezi, mwaziona?"

"Amadya anyezi wa azakhali anga."

"Amakuchitirani ulemu." Adamwetulira. "Kontirakiti yake ikutha ndipo sakusaina. Mnyamata wa ku akademi sachedwa kusaina, kwathu n'kwawo. Ndiye ndinati ndidzaone chomwe chikumukoka. Mumaphunzitsa ku pulayimale, eti? Tili ndi masukulu omwe timadziwana nawo. Nyumba ya pafupi ndi nyanja itha kupezeka. Simungakhale woyamba."

Tegan adamuyang'ana bwinobwino, kufunafuna njiru pa nkhope yake. Sadaipeze yambiri. Adaona munthu wodziwa ntchito yake, komanso china chomwe sichidali ntchito, chomwe chidaonekera pomwe ankatchula za anyezi.

"Ndiye mukufuna kundisainitsa ine kuti iye asaine."

"Ndikufuna asangalale komwe ali. Anthu anu amati timaba ana. Ife timaona matimu a ku Melbourne akutibera akuluakulu chaka ndi chaka, ndipo palibe amatcha zimenezo kuba." Adakoleka nsalu ija. "Ndamva kuti achimwene anu akufuna kubwerera kuno. Ndikuwafunira zabwino. Malo ku Melbourne ndi ochepa chaka chino."

Atatuluka, Tegan adatsala akudzifunsa kuti mkazi wa ku Sydney wamva bwanji nkhani yomwe m'nyumba mwawo ankainong'ona.

*

M'mawa mwake adapeza bambo ake pakhonde akupaka polishi nsapato zomwe ankavala pa fainolo pokha.

"Zinayamba liti?" adafunsa osadzutsa mutu.

"Pa Pasaka."

"Cormac akudziwa?"

"Ayi."

"Usamuuze panopa. Timu ina ya ku Melbourne yakhala ikulankhula naye chiyambire nyengo yozizira. Dzina lake sakundiuza ngakhale ine, akuti zingalaulike. Nyengo yosinthanitsa osewera ikangotsegulidwa, mwana wanga akubwera. Sindikufuna china chimusokoneze mutu."

Tegan adakhala pa masitepe. "Bambo, Kade anakulakwirani chiyani iye mwini?"

A Des adapaka nsapato ija mpaka idawala, n'kuyambiranso. "Palibe. N'chifukwa chake zimandipweteka. Akanakhala mwana wamwano bwenzi ndikugona tulo."

"Nanga funso lake lija? Tikanakhala tsidya lija?"

"Ndikanamuperekeza ndekha Cormac ku akademiko, ndi sangweji m'chikwama." Adaika burashi pansi. "Koma sitikhala tsidya lija. Ndataya mwana mmodzi chifukwa cha mzere womwe anthu ena anajambula pa mapu ali mu ofesi. Tsopano mzere womwewo ukufuna wachiwiri. Ukuganiza sindikudziwa chomwe mayi wa jekete uja wabwerera? Akutengera ku Sydney, ndizikuonani pa Khirisimasi."

"Sindinavomere kanthu."

"Sunakane."

"Msomali uja simunauzule," adatero Tegan.

A Des adanyamula nsapato inayo. "Tsiku lomwe adzavale jezi ya timu ya ku Victoria, ndidzapachika yake yakale ija ndi manja angawa, ndipo adzadya pa tebulo langa. Kufikira tsikulo, moni wa pa msewu ndi wokwanira."

*

Adakumana pakati pa mlatho masana a tsiku lomwelo, malo omwe Kade ankati ndi okhawo opanda mwini. Pansi pawo anthu ankawedza m'timabwato.

"Unamutuma ndiwe?" adafunsa Tegan asanapereke n'komwe moni.

"Bronte? Amene uja satumidwa. Anangoimba kuti ali pa msewu."

"Akuti sukonda anyezi."

Kade adakanda m'mutu. "Sindimukonda kwenikweni."

"Ndiye miyezi yonseyi wakhala ukumeza anyezi wa azakhali ngati mankhwala?"

"Munthu akafuna mwana wa eni ake amadya zomwe wapatsidwa."

Tegan adafuna kuseka, koma adali ndi funso lina. "Munali pa chibwenzi?"

"Ayi. Iye mwina anaganizapo, ine ndinali ndi bondo lotupa ndi mtima wa ku Warrabinda. Anandisamalira, sindingakane. Amatisamalira tonse, Tegan. Ndi momwe amatisungira."

"Wandilonjeza sukulu ndi nyumba ya ku nyanja. Usiku wonse ndimadzifunsa kuti, kodi ndikapita, ndipita ngati mkazi wako kapena ngati mbali ya kontirakiti?"

"Supita." Adatsamira chitsulo cha mlatho n'kuyang'ana madzi. "Ndinauza ajenti wanga Lolemba kuti ndikufuna kusinthidwira ku Melbourne. Dzulo wandiimbira. Pali timu yomwe yalumpha ndi miyendo iwiri. Akuti ndisatchule dzina mpaka zitatheka."

Melbourne ili mu Victoria momwemo. Kuchokera ku Melbourne munthu amatha kunyamuka atadya kadzutsa n'kudzadya nkhomaliro ku Warrabinda.

"Koma anthu aja anakulera."

"Anandilera, ndipo adzanditcha wosayamika. Masapota adzandikuwiza nthawi iliyonse ndikagwira mpira. Dzulo ndaima pamaso pa bambo ako n'kumanyoza anyamata othawira ku Melbourne, chonsecho ndine mmodzi wa iwo." Adaseka pang'ono. "Ndimafuna ndione ngati ndingawine mkangano umodzi ndisanagonje."

"Unawina. Bambo avomera m'mawa uno, koma usawauze kuti ndakuuza."

"Jezi ija ikadali m'kabati ya amayi. Yosachapa. Amadandaula chaka chilichonse."

Mawu a Bronte onena za malo ochepa adamudutsa Tegan m'mutu. Adafuna kutchula za Cormac, koma adakumbukira kuti kwawo nkhaniyo ankaisunga mwachinsinsi. Ndiponso matimu ku Melbourne ndi ambiri, adadziuza motero, n'kugwira dzanja la Kade poyera, magalimoto a anthu owadziwa akudutsa.

*

Warrabinda idawina fainolo Loweruka, ndipo a Des adaimba nyimbo ya kalabu mpaka mawu adasasa. Tegan adasankha nthawi imeneyo kuwauza za Melbourne. Adamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope ili ndi thovu la mowa womwe osewera adawathira.

"Wapempha yekha?"

"Yekha."

"Umuuze abwere mawa kudzadya nkhomaliro. Abwere ndi jezi ija ndiione ngati njenjete zinaisiya."

Lamlungu a Noelene adaotcha mwendo wa nkhosa, ndipo Tegan adawanong'oneza kuti anyezi aike pambali. Pa tebulo padali mbale zinayi. A Des adavala shati ya kolala, n'kumanamizira kuti mashati ena onse ndi osachapa.

Foni yawo idalira akunola mpeni. "Ndi Cormac," adatero mokondwa, n'kuiika pa tebulo kuti onse amve. "Mwana wanga, wamva za dzulo? Tawakwapula."

"Ndamva, bambo. Zabwino zonse." Mawu ake adali ozizira. "Tegan ali pompo?"

"Ndili pano, achimwene. Mwadwala?"

"Zija zalephereka."

A Des adaika mpeni pansi. "Zalephereka bwanji? Anakulonjeza."

"Analonjeza pakamwa. Ali ndi mwayi umodzi wokha wabwino wosankha wosewera chaka chino, ndipo ndi umene amafuna kupereka ku Perth kuti andimasule. Tsopano akuti kwapezeka wosewera wina yemwe sankamuyembekezera, ndipo mwayiwo aupereka kwa eni ake a ameneyo. Matimu ena ndayesa, onse adzaza. Kuno andipatsa pepala la zaka zitatu, akuti ndisaine sabata ino."

"Zaka zitatu," adatero a Noelene chapansipansi.

"Ndani ameneyo?" adafunsa a Des.

Tegan adagwira m'mphepete mwa tebulo. Adadziwa yankho lisanabwere.

"Mukumudziwa, bambo. Anatenga akademi, anatenga makochi, tsopano watenganso njira yanga yobwerera kwathu. Kade Zanotti. Chomwe sindikumvetsa n'chakuti akufunanji ku Melbourne. Munthu uja ku Sydney amamusunga ngati dzira. Tegan, iwe umamva nkhani za m'tauni. Chamukoka n'chiyani?"

Panja padamveka chitseko cha galimoto, kenako geti. Kudzera pa zenera Tegan adaona Kade akukwera masitepe, tsitsi lopesa bwino, botolo la vinyo wa bambo ake m'dzanja limodzi, jezi yopindidwa m'dzanja linalo. Adaima, n'kukonza kolala, n'kugogoda.

"Halo?" adatero Cormac. "Kwabwera alendo?"

A Des adayang'ana mbale yachinayi ija, kenako mwana wawo wamkazi.

"Mchimwene wako wakufunsa funso," adatero mofatsa, "ndipo pakhomo pali munthu. Uyamba ndi uti?"